Tsiku Limene Layisoni Anaba Mpweya

Khalani pomwepo, ana inu. Pemphero, ndati pomwepo, pa udzu wanu wapulasitikiwo, usafike pawindo pano. Mawu anga adutsa pa waya wotchinga udzudzuyu bwinobwino, koma zimene zili m'chifuwa mwangamu zisakupezeni. Takondwa, ika pansi chilipenga chakocho, sindinakuitane kuti undiimbire. Ndakuitanani chifukwa m'mawa muja munandimva ndikukalipira amayi anu, ndipo ndinaona mmene munathawira kukhitchini. Munthu wamkulu akabwebweta pamaso pa ana amayenera kufotokoza.

Nkhani yake mukuidziwa. Lero ndi tsiku lachinayi chionekereni mizere iwiri pa kachipangizo koyezera korona kaja, ndipo ndatsekeredwa m'chipinda muno ngati nkhuku yofungatira mazira. Amayi anu andipanitsa kachinthu pachala kowerenga mpweya wa m'magazi, ndiye akuti manambala ake sakuwasangalatsa. Akuti, "Adadi, tiyeni kuchipatala akakuoneni." Ine ndawayankha kuti kuchipatala cha ku Nedlands kuja apite okha, ndi kuntchito kwawo, ine ndifera pabedi pano. Ndinawonjezanso mawu ena oipa amene sindiwabwereza. Sunali ukali uja, ana inu. Anali mantha. Agogo anu ndikuopa chipatala, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake ndiyenera kuyambira kutali, pa jazi.

Eya, jazi yomweyo imene iwe Takondwa umaphunzira kusukulu, maso ali tong'o pa pepala la timadontho takuda. Aphunzitsi ako anakuuza kuti inayamba ndi anthu akuda a ku Amereka, zidzukulu za akapolo, amene anatenga malipenga a asilikali ndi nyimbo za m'tchalitchi n'kuzipinda kuti zilire monga mmene mtima wawo unkalirira. Sananame. Koma ukawafunse mmene inafikira ku Linthipe, kwathu ku Dedza, uone ngati ayankha. Kwathu inafika m'sutikesi ya amalume anga.

Amalume anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi zinthu zinayi: chipewa cha nthenga, galamafoni, chitoliro ndi chifuwa chosatha. Galamafoni inu simunaionepo. Linali bokosi lokhala ndi chogwirira chopukusa, singano zake zikukhala m'kachitini, ndipo mbale zake zinali zakuda, zolemera, zosweka ukangozigwetsa. Ntchito yopukusa inali yanga. Ukatopa n'kusiya, woimba wa m'mbalemo ankayamba kulankhula ngati woledzera, amalume n'kukuponyera nsapato. Mbale zina zinali za ku Amereka, malipenga okhaokha. Zina zinali za ku Joni ndi ku Bulawayo, kumene anyamata a m'misewu, posowa malipenga, ankaimba jazi yomweyo ndi zitoliro zachitsulo za m'sitolo. Mudzi wonse unkasonkhana pakhonde, amayi ena akusuzumira kuseri kwa bokosi kufuna kuona tianthu ta m'katimo.

Pakati pa osonkhanawo panali mnzanga Layisoni, wamsinkhu wanga, wowonda, wamakani. Ameneyu ndiye mwini nkhaniyi. Iye anamvetsera mbale imodzi masiku atatu, n'kunena kuti, "Mbewe, zimenezi nafenso tingathe." Amalume anamupatsa chitoliro chimene anabwera nacho koma chinawakanika chifukwa cha chifuwa chija. Enafe tinadzipangira tokha. Banjo tinaisema ndi chitini cha mafuta a galimoto, ng'oma tinakunga ndi chikopa cha mbuzi, pamwamba pake tinakoloweka zitsekerero za mabotolo pa waya kuti zizichita tswe tswe. Ine ndinapanga babatoni. Limeneli ndi chibokosi chachikulu chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, chokhala ndi mtengo wautali ndi chingwe chimodzi chonenepa. Umakhalira pamwamba pake, n'kumalikoka kuti lizibuula pansipansi, mawu omveka m'mimba osati m'khutu. Tinali asanu, ndipo tinadzitcha gulu la jazi popanda wotipatsa chilolezo.

Zingwe za banjo ndiye zinavuta. Zabwino zinali waya wa buleki ya njinga, ndipo njinga m'mudzi monse inali imodzi, ya abusa. Musandiyang'ane choncho, Pemphero, sindine amene ndinamasula, ine ndinangolondera. M'mawa mwake abusa anakwera njinga yawo osadziwa kanthu, n'kuyamba kutsika chitunda chopita kumtsinje. Ana inu! Tinangoona jekete likuuluka, miyendo ili m'mwamba, akufuula dzina la Ambuye, mpaka thibu m'madzi. Sanavulale, koma ife tinavulala ndi zikwapu. Madzulo ake, matako akuwawa, Layisoni anapeka nyimbo n'kuitcha "Abusa Alibe Buleki". Pakati pake pali mzere wautali umene chitoliro chimayambira pamwamba penipeni n'kumatsika, kutsika, kukhotakhota, osaima, mpaka kukagwera m'madzi. Mzere umenewo umaimbidwa ndi mpweya umodzi. Ukapuma pakati ndiye kuti abusa apeza buleki, nyimbo yafa.

Dikirani ndimweko madzi.

Tsono mumve mmene jazi imayendera, poti papepala lako lija, Takondwa, sanalembepo. Babatoni ndi njira. Ine ndimangozungulira pomwepo, mawu atatu kapena anayi, kubwereza, kubwereza, osatopa, kuti ovina adziwe poponda. Chitoliro ndi mwana wosamva amene amachoka m'njiramo, kulowa patchire, kukwera mumtengo, iwe n'kumati basi wasochera, kenako uyu watulukira patsogolo pako akuseka. Nyimbo ndi yomweyo, koma dzulo ndi lero siifanana. Wina akafunsa ndi banjo, wina amayankha ndi ng'oma. Layisoni chitoliro sankachigwira mwaulemu ngati ana asukulu ayi. Ankachilowetsa m'kamwa cham'mbali mpaka kutupitsa tsaya, ndiye chinkalira monenepa, mwina ngati munthu akudandaula, mwina ngati akukunyoza.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene omvera sachidziwa. Woimba chitoliro amapuma mwakuba. Sangaime kuti apume poyera, ndiye amakhala ndi timalo take tobisika pamene amatsomphola mpweya msangamsanga wina asanazindikire. Ife tinkati kuba mpweya. Woimba aliyense ali ndi malo akeake obera, ndipo sasintha. Ine ndinakhala kumanzere kwa Layisoni zaka zoposa makumi asanu. Malo ake obera ndinkawadziwa kuposa mmene ndinkadziwira posungira mchere pa malemu agogo anu aakazi.

Masiku amenewo jazi inali ngati matenda, inagwira dziko lonse. Kagulu kalikonse ka anyamata okhala ndi banjo kankadzitcha jazi, ngakhale kakuimba nyimbo za pamtondo. Nafenso tinkatero, kutenga nyimbo za amayi athu n'kuziveka nsapato za m'tauni. Anyamata anayamba kupinda zipewa, atsikana kufupikitsa madiresi, ndipo akulu a mpingo anati Satana walowa m'mudzi kudzera m'chitini cha mafuta. Ine anandidula mumpingo kawiri. Koma ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo yemweyo utafika, anatuma munthu mwakachetechete kuti anyamata aja abwere, koma aimire kuseri kwa nkhokwe. Tinaimba m'maukwati, m'misika ya fodya, m'maholo a ku Lilongwe titasamukirako. Ine ndinakhala kalipentala ku Kawale, Layisoni telala pakhonde la sitolo ku Mchesi. Kenako kunabwera magitala amagetsi, kenako kachilimba kamene mnyamata mmodzi amangodina batani gulu lonse n'kutulukamo. Anthu anasiya kutiitana. Ife sitinasiye kuimba, tinkakumana Loweruka lililonse kuseri kwa shedi yanga.

Tinali ndi mwambo wathu. Mmodzi wa ife akamwalira, tinkasiya a mpingo achite zawo zonse, nyimbo zawo, ulaliki wawo, nkhata zawo. Anthu akayamba kubalalika, otsalafe tinkakhalira m'mphepete mwa manda, n'kutulutsa zoimbira zimene tinabisa patchire, n'kumuimbira mnzathuyo jazi yeniyeni, yovinika, kuti asapite ngati mlendo. Tinachita zimenezi katatu. Kachitatuko tinali awiri okha, ine ndi Layisoni, ndipo pobwerera iye anati, "Mbewe, ufulumire kufa ndiwe. Chitoliro pachokha chimamveka, koma babatoni lokhalokha anthu adzangoti kumanda kukulira ng'ombe." Tinaseka mpaka kukhala pansi mumsewu.

Kuno ku Perth mukudziwa mmene ndinabwerera. Amayi anu anati, "Adadi, bwerani miyezi itatu mudzaone ana." Miyezi itatu! Ndisanamalize n'komwe kudabwa ndi nyumba za ku Ellenbrook kuno, zofanana zonse ngati mazira, moti ndinalowapo pageti la eni kawiri, dziko linatsekedwa. Ndege zinaima. Kuno matenda sanalowe kwenikweni nthawi imeneyo, anthu ankapita kunyanja kukasamba, inu munkapita kusukulu. Koma foni yanga inasanduka nyumba ya maliro. Ukaitsegula m'mawa, chithunzi cha munthu ndi kandulo. Ukaitsegula masana, china. Ndinkadya bwino, kugona pabwino, koma mtima uli m'mwamba tsiku lililonse.

Bambo anu ndi amene anandiona kuti ndikuuma. Tsiku lina pochokera kuntchito kwawo kumsika wa ku Canning Vale anabwera ndi bokosi lamatabwa lonyamulira zipatso, n'kuti, "Bambo, akalipentala sakhala manja lende." Ndinatenga bokosilo, mpini wa tsache ndi chingwe cha makina odulira udzu, n'kupanga kababatoni kamene kali m'galajamo. Mawu ake ndi a chimfine, koma ndi babatoni ndithu. Ndiye Loweruka lililonse, kuno ikamakwana folo koloko madzulo, kwathu ili teni m'mawa, ndinkamuimbira foni Layisoni. Kuimbira limodzi kunkakanika chifukwa mawu a pafoni amafika mochedwa, ndiye tinkalandizana. Ine ndizungulire kanayi, ndisiye, iye ayankhe ndi chitoliro. Mkazi wake Nachisale ndiye ankagwira foniyo, akudandaula kuti mkono watopa ndi masewera a nkhalamba ziwiri.

Tinatero pafupifupi chaka. Kenako inafika Januwale uja, pamene matendawa anakolera kwathu ngati moto wolusa. Kuno kunali kutentha kosaneneka, m'galaja muja thukuta likuchita kuyenderera. Ndinaimba foni monga mwa masiku onse. Layisoni anandilonjera bwinobwino, kunditukwana pang'ono monga mwachizolowezi, n'kunena kuti tiyambe ndi "Abusa". Ndinazungulira kanayi. Iye anayamba. Anakwera pamwamba paja, n'kuyamba kutsika chitunda, kutsika, kutsika, ndiye pakati penipeni ndinamva kaphokoso kakang'ono, fuu. Anaba mpweya.

Wina aliyense akanati ndi foni yadukiza. Koma kudukiza kwa foni ndimakudziwa, kumadula mawu ngati mpeni. Uku kunali kupuma kwa munthu. Pamalo amenewo Layisoni sanapumepo chiyambire tili anyamata, ngakhale ataledzera, ngakhale tsiku limene anaimba dzino likumuwawa.

Ndinati, "Iwe, bwereza."

Anati, "Ndibwereze chiyani? Foni yako ya azunguyo ndiye yavuta."

"Bwereza, Layisoni."

Anabwereza. Ulendo uno anaba kawiri.

"Wadwala liti?"

"Ndani wadwala? Khutu lako lakalamba, Mbewe. Kadye maapozi ako uko."

Ndinakuwa kuti, "Alamu! Nachisale! Chotsani foniyo pamaso pa munthu wabodzayu mulankhule ndi ine." Ndinamva mapazi, chitseko, kenako mawu a Nachisale otsika. Anati, "Alamu, lero ndi tsiku lachinayi thupi likutentha. Chakudya akuti sichikumveka kukoma. Andiletsa kuuza munthu, ngakhale ana. M'mawa uno adzikakamiza kudzuka, asamba, avala malaya abwino kuti inu musadziwe." Ndinafunsa kuti akumwa chiyani. Anati mandimu, jinja, ndi kufukiza masamba a bulugamu atafunda bulangete. Bulugamu, mitengo yanu yomwe yadzaza kunoyi. Lilongwe yense nthawi imeneyo ankanunkha bulugamu.

Ndinathamanga kukaitana amayi anu, ndikupunthwa pa masitepe a galaja. Iwo anatenga foni, n'kuuza Nachisale kuti ayiike pafupi ndi chifuwa cha mwamuna wake, asamulankhulitse. Anayang'ana wotchi yawo ya unamwino n'kumawerenga mmene akupumira. Ine sindinafune wotchi. Phazi langa linkawerenga lokha pansi, ndipo linkathamanga liwiro la nyimbo yovina, pamene munthu wongokhala pampando amayenera kupuma mwa nyimbo ya maliro. Amayi anu atamaliza anandikokera pambali. Anati, "Adadi, a Layisoni akufunika mpweya wa kuchipatala lero lomwe. Osati mawa."

Tsono kumuuza mwini wakeyo. Ha! Anakana kwamtuwagalu. Ndipo musamuseke, chifukwa chimene ankaopa chinali chenicheni. Masiku amenewo wolowa m'chipinda cha odwala korona ankalowa yekha, wopanda womudikirira. Akamwalira sankabwerera kunyumba kuti anthu amulire. Ankamukulunga m'mapulasitiki, anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kukamuika msangamsanga, abale ataima patali. Kwathu munthu amaopa zimenezo kuposa imfa yeniyeniyo.

Anati, "Mbewe, a Gondwe oyandikana nafe anapita ndi miyendo yawo, anabwerako? Ine ndifere pamphasa panga, dzanja la Nachisale lili pamutu panga. Kumeneko ndikafa ngati galu. Ndipo iwe uli kutsidya kwa nyanja, adzandiimbira ndani?"

Ndinati, "Sukafa. Ukapuma mpweya wa m'botolo masiku awiri, ubwerako."

"Walosera liti iwe?"

Ndinamunyengerera, ndinamutukwana, ndinamukumbutsa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Osatheka. Pamenepo ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandidzidzimutsabe mpaka lero. Ndinadziwa pomugwirira. Munthu uja akanakana mkazi wake, akanakana dokotala, koma pa chitoliro sakananama. Ndinati, "Chabwino. Tenga chitoliro. Utsitse abusa kuchokera pamwamba mpaka m'madzi ndi mpweya umodzi. Ukafika, ndikusiya, sindidzatchulanso za chipatala. Ukalephera, ukwera galimoto."

Anati, "Ndiyese katatu."

"Katatu."

Koyamba anafika pakati. Kachiwiri sanafike n'komwe pamene anafika koyamba, anatsokomola nthawi yaitali, Nachisale akulira kuti, "Basi, abambo, basi." Ine ndinali nditagwira mpini wa kababatoni kaja, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinkadziwa chimene ndikupempherera. Theka la mtima linkafuna alephere kuti apite. Theka linkafuna afike, kuti ndikhale ine wolakwa, tiseke. Kachitatu anakoka mpweya, ndinaumva ukulira m'chifuwa ngati chitseko cha dzimbiri. Chitoliro chinatulutsa mawu anayi okha, n'kuzima.

Kenako anati, "Nachisale, ndipatse jekete." Ndipo kwa ine anati, "Mbewe, wandipereka." Ndi mawu omaliza amene ndinamva kuchokera pakamwa pake.

Iii, dikirani pang'ono. Ayi, Takondwa, khala pansi, ndili bwino. Ndingotsamira.

Mwana wa oyandikana nawo anawatenga pagalimoto. Pachipata cha chipatala anamulandira anthu ovala zoyera aja, Nachisale n'kubwezedwa. Foni Layisoni analibe yakeyake, ndiye kuyambira pamenepo kunali zii. Nachisale ankapita m'mawa uliwonse ndi phala m'kontena atalemba dzina pachivundikiro, kupereka kwa mlonda, n'kukhala pansi pa mtengo pamodzi ndi amayi ena ambirimbiri, aliyense maso ali pachipata. Masana kontena inkabwerera. Ikabwera yopepuka ndiye kuti munthu wako wadya, ali moyo. Uthenga wonse unali umenewo.

Mukukumbukira sabata ija kuno anatitsekera m'nyumba masiku asanu, nthawi yomweyo moto ukuyaka kumapiri uko? Kumwamba kunafiira, phulusa likugwera pa zovala zimene amayi anu anayanika, ndipo bambo anu anaika zikwama m'galimoto kuti mwina tithawa. Inu munkalira kuopa moto. Ine ndinkaoneka ngati wolimba mtima, munkati agogo saopa. Sindinkauona n'komwe motowo. Ndinkangoyang'ana foni, kudikira kuti kwathu kufike masana, Nachisale andiuze kulemera kwa kontena.

Tsiku loyamba yopepuka. Lachiwiri yopepuka, ndinavina m'khitchini. Lachitatu anadya theka. Lachinayi theka. Tsiku lina lotsatira foni inalira msanga kuposa nthawi yake, ine ndili pakhonde lakuseri. Nachisale sanalire. Anangoti, "Alamu, yabwera yosatsegula."

Anamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Nachisale ndi ana anaima kutali, kumene anawalozera, moti sanathe kuona ngati bokosi latsika bwino. Chitoliro chinali m'thumba la jekete, ndipo jeketelo silinabwerere, ndiye tikuganiza kuti anapita nacho. Panalibe kugona pamaliro, panalibe nkhata, nyimbo ya mpingo inali imodzi yofulumira. Ndinafunsa Nachisale ngati Layisoni anasiya mawu alionse kwa anamwino. Anati anafunsa, koma palibe amene ankakumbukira, odwala anali ambiri. Zonse zimene ankaopa zinachitika monga mmene ananenera, chimodzichimodzi, ndipo amene anamukankhira kumeneko ndine.

Ndinalowa m'galaja kuti ndichite mwambo wathu. Ndinakhala pa kabokosi kaja, ndinazungulira kanayi, n'kusiya monga mwa masiku onse. Ndinadikira. Kenako ndinazindikira chimene ndikudikira, ndipo ndinatuluka. Sindinakagwirenso kufikira lero.

Patapita masiku ndinawafunsa amayi anu. Ndinati, "Tiya, undiuze zoona, usandinyengerere ngati odwala ako. Ndikanamusiya kunyumba, akanakhala moyo?" Amayi anu sadziwa kunama, anatengera agogo anu aakazi. Anati, "Adadi, kunyumba sakanachira. Koma akanapita tsiku loyamba lija thupi litangotentha, mwina bwenzi ali moyo. Mwina. Masiku anayi amene anabisa aja ndi amene anatilanda munthu." Mawu amenewo ndinawamva, koma sanakhazikike. Chimene chinakhazikika ndi chija chakuti wandipereka.

Ndiye m'mawa muja, amayi anu atatchula chipatala, sindinaone chipatala chawo choyera chija, cha makina ambirimbiri. Ndinaona chipata, ndi anthu opanda nkhope, ndi ine ndekha m'dziko la eni, kumene ngakhale wondilira m'Chichewa m'chipindamo sangapezeke. Akuti ndinabayitsa katemera katatu, akuti kuno mpweya ulipo wokwanira, akuti iwo adzakhala pafupi. Ndikumva. Koma mantha samva Chingerezi, ana inu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndinkati mwambi umenewu ndi wa anthu ena.

Tsono ndinakuitanani kuti mudziwe. Kuti mukadzakula musadzati agogo anali nkhalamba yovuta, yotukwana mwana wake. Ndinafuna mumve kuti mnzanga Layi... kuti mnzanga... Layisoni...

Takondwa. Wandiyang'ana bwanji choncho? Usabise, uli ndi khutu iwe, ndinakumva tsiku lija ukukonza mnzako wa lipenga. Nena. Nena m'Chingerezi chakocho, ndimva.

Ndaba mpweya pakati pa dzina. Eya. Nanenso ndamva.

Ndipo si koyamba. Ndakhala ndikuba chiyambire nkhani ya abusa ija. Ndimati mukhala simukuzindikira. Madzi aja sindinamwe chifukwa cha ludzu.

Lero ndi tsiku lachinayi.

Pemphero, usalire, mwana wanga. Imirira. Pita ukagogode kuchipinda kwa amayi ako. Uwauze kuti adadi awo apepesa. Uwauze atulutse galimoto.

Takondwa, iwe tsala pomwepo. Undiyang'ane mpaka abwere. Ndikuopa, mdzukulu wanga. Ndikuopa kwambiri. Koma ndipita.

Chinthu chimodzi chokha. Ambulansi ayi, ngati kungatheke. Ayendetse okha amayi ako, mawindo otsegula, ine ndikhala kumbuyo ndi masiki anga. Msewu wa ku Nedlands ndi wautali. Ndikufuna ndizikaona mutu wa mwana wanga njira yonse, mpaka pachipata.